Ahedi, Tsegulani Kalabu ya Zisudzo

Sabata yatha mng'ono wanga anandiimbira foni mawu ali ofooka. Ahedi a pasukulu pawo atseka kalabu ya zisudzo, ati ana azilimbikira kuwerenga poti MSCE yayandikira. Mpira sanaukhudze, kwaya ikuimbabe. Koma zisudzo, ati n'zotayitsa nthawi.

Zandipsetsa mtima kwambiri.

Ine pofika Fomu 1 ndinali mwana wosatsegula pakamwa. Aphunzitsi akandiloza, yankho ndinkakhala nalo koma linkathera pakhosi. Ku kalabuko ndinalowa pothawa kutchetcha udzu, ndisaname. Anandipatsa gawo la mlonda, mizere itatu basi. Tinkayeserera m'holo yodyera titakankhira mabenchi kukhoma, ndipo madamu amene ankatiphunzitsa ankakaima kumapeto kwenikweni n'kumakuwa kuti sakundimva. Ndinabwereza mizere itatu ija mpaka anagwedeza mutu. Lero ndikaimirira m'kalasi kuno ku yunivesite kufotokoza zimene gulu lathu lafufuza, ndimagwiritsabe ntchito mawu a mlonda uja.

Onyoza zisudzo sadziwa thukuta lake. Umaloweza masamba ambirimbiri. Umafika pa nthawi, chifukwa ukachedwa anzako khumi akhala manja ali m'khosi. Amakudzudzula pamaso pa anthu, mawa lake n'kubweranso. Ndi phunziro liti la m'kalasi limene limaphunzitsa zimenezi? Chodabwitsa china n'chakuti mpikisano wa zisudzo wa ATEM anaukhazikitsa ndi aphunzitsi a Chingerezi, phunziro limene ukalilephera satifiketi ya MSCE suiona. Ndiye ahedi akutseka khomo la Chingerezi pofuna kuti ana akhoze Chingerezi.

Anzanga poikira kumbuyo zisudzo amakonda kutchula mayina akuluakulu. Du Chisiza Jr. anatchuka kudzera mu mpikisano wa masukulu asanakhazikitse Wakhumbata mu 1987, kenako anakhalako nduna. Michael Usi, Manganya wa mu Tikuferanji, anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. N'zoona, koma mfundo imeneyi siindisangalatsa. Ikumveka ngati zisudzo zili ndi phindu pokhapokha ukatchuka. Pa gulu lathu lija palibe ndi mmodzi yemwe amene akudyera zisudzo. Wina akuphunzira unamwino, wina akugulitsa mafoni mumsika, ndipo mtsikana amene ankasewera apongozi ovuta ndi yemwe anaimirira pamsonkhano wa banja n'kukana kumukwatitsa asanamalize sukulu. Amalume ake anasowa chonena.

Ambiri a inu mukuwerenga pano mukaphunzitsa ku sekondale, kaya mwakufuna kwanu kaya chifukwa ntchito zina zasowa. Tsiku lina nkhani yotseka kalabu idzabwera pamsonkhano wa aphunzitsi. Chonde musadzangoyang'ana pansi.

Mng'ono wangayo ndi anzake asanu ndi mmodzi akuyesererabe Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa labu, popanda mphunzitsi. Ndamutumizira ndalama ya bando kuti azinditumizira mavidiyo, ine ndizimuuza ngati ndikumumva.