Wowerenga buku mokweza asapeputse munthu

Masiku ano ophunzira ambiri amamvera mabuku pa foni m'malo mowerenga pa pepala. Pakati pa wolemba ndi womvera pamakhala munthu wachitatu: amene amawerenga bukulo mokweza mu situdiyo. Ndi iye amene amachititsa kuti munthu wa m'nkhani amveke ngati munthu weniweni kapena ngati chinthu choseketsa.

Taonani buku la American Dreamer la Adriana Herrera, lomwe linatuluka mu 2019. Herrera anakulira ku Dominican Republic. Nkhani yake ndi ya Nesto Vasquez, wakuda wa makolo a ku dziko lomwelo, amene amachoka mumzinda wa New York kupita ku Ithaca kukagulitsa zakudya za ku Caribbean m'galimoto. Kumeneko amakondana ndi Jude, mwamuna wogwira ntchito ku laibulale. Inde, ndi chikondi cha amuna awiri, ndipo tonse tikudziwa zimene mpingo wathu umaphunzitsa pa ukwati. Chimene ndikunena pano ndi china: aliyense wowerenga buku lotere mokweza ayenera kupewa misampha iwiri.

Msampha woyamba ndi wa chilankhulo. Chisipanishi cha ku Dominican Republic chimathamanga, ndipo nthawi zambiri "s" wa kumapeto kwa mawu amamezedwa. Wowerenga akachiwongola kuti chimveke ngati cha ku Madrid, wafafaniza kwawo kwa Nesto. Akachikokomeza, wamusandutsa nthabwala. Ifenso timadziwa mmene zimapwetekera wanthabwala akamatsanzira kalankhulidwe ka Asena kapena Ayao kuti anthu aseke. Kwa anthu akuda a ku Latin America, amene mafilimu ndi wailesi za kanema za Chisipanishi zakhala zikuwasiya kumbuyo, kunyozedwa kumeneku n'kowawa kwambiri.

Msampha wachiwiri ndi kupatsa mwamuna wokonda amuna anzake kamawu kakang'ono kachibwana. Limeneli ndi bodza la mawu. Munthu akhoza kutsutsana ndi moyo wa Nesto ndi Jude, koma kusagwirizana nawo sikumupatsa chilolezo chowanamizira. Lamulo loletsa umboni wonama silisankha kuti mnansi ndi wotani.

Pali chitsanzo cha ntchito yabwino. Elizabeth Acevedo, wolemba wakuda wa makolo a ku Dominican Republic, amawerenga yekha mabuku ake. Buku lake la Clap When You Land la mu 2020 limanena za atsikana awiri a bambo mmodzi, wina ku New York, wina ku Dominican Republic. Wa ku New York ali ndi chibwenzi chachikazi. Analiwerenga pamodzi ndi Melania-Luisa Marte, kuti mtsikana aliyense akhale ndi mawu akeake, ndipo mu 2021 linalandira ulemu wa Odyssey Honor.

Tsopano kwabwera mawu a kompyuta. Apple Books inayamba kugwiritsa ntchito mawu otere mu 2023, ndipo osindikiza amakopeka chifukwa ndi otchipa. Koma makina sadziwa pamene agogo amatsitsa mawu chifukwa cha chisoni, kapena chifukwa chimene mwana amasinthira ku Chisipanishi akapsa mtima. Osindikiza alipire anthu odziwa chilankhulo ndi moyo wa anthu a m'nkhanizo. Ndipo inu mukamasankha buku lomvera, onani dzina la woliwerenga monga mumaonera dzina la wolemba.