Dzino la mwana si msomali

Mlamu wanga anafika m'mamawa atagwira dzanja mtsikana wake wa zaka 7, tsaya litatupa ngati wafumbata bonongwe m'kamwa. Mwanayo sanagone masiku awiri. Tsikulo linali la msika kuno kwa Katuli, ndipo mlamuyo anali atamva za bambo wina amene amazula mano kuseri kwa magolosale, pa mtengo wosafika theka la ndalama ya kabaza wopita ku boma.

"Ndi dzino laubwana ili, alamu. Limera lina," anatero.

Apa mpamene ambiri timagwa. Mano oyamba a mwana alipo 20, amayamba kutuluka ali ndi miyezi ngati 6, ndipo amaguluka okha kuyambira zaka 6. Koma pa msinkhu womwewo kumbuyo kwenikweni kumamera mano anayi akuluakulu, popanda lililonse kuguluka. Chifukwa sitinaone dzino likugwa pamalopo, timayesa nawonso ndi aubwana. Ayi ndithu. Awa ndi otafunira mpaka ukalamba, ndipo savuta kubooka chifukwa mswachi wa mwana sufikako. Ukazula limeneli, silimeranso lina. Ngakhale laubwana lenilenilo silizulidwa chisawawa: limasungira malo linzake lomwe likubwera pansi, ndipo likachoka msanga mano amamera mopanikizana.

Kodi wa pulayala uja angasiyanitse ziwirizi? Nanga pulayalayo inachoka m'kamwa mwa yani isanalowe mwa mwana wanu? Kuviika mu sipiriti kapena m'madzi ofunda sikokwanira kupha kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B.

Sindikunyoza makolo amene amapita kumeneko. Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, moti maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences. Amene timawapeza m'zipatala za m'maboma nthawi zambiri ndi ma dental therapist, ophunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Musawadelere. Kumata dzino, kulitsuka ndi kulichotsa ndi ntchito yomwe anaiphunzira.

Tsono wodalirika timamudziwa bwanji? Lamulo la 1987 limati wogwira ntchitoyi akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Mukalowa pa chipatala cholipira, pemphani kuona chikalata chake. Woona sakwiya nazo. Koma ine ndimayang'ana kwambiri manja ndi pakamwa pake. Avale magulovu atsopano inu mukuona. Afunse kaye ngati mwana ali ndi matenda ena kapena mankhwala amene amamuwenga. Akuuzeni ngati dzinolo ndi laubwana kapena lachikulu, komanso ngati lingamatidwe. Ndipo alankhule ndi mwanayo, osati kumupanitsa ndi anthu atatu ngati mbuzi ya pa chikwati. Mwana woopsezedwa tsiku loyamba adzabisa dzino lomupweteka mpaka litatupitsa nkhope.

Kutupa komwe kwafika pafupi ndi diso kapena pansi pa chibwano, makamaka thupi likatentha, sikodikira tsiku la msika. Thamangani kuchipatala chapafupi akupatseni kalata. Ndipo chonde, zoika asipirini pa nkhama tisiye. Amawotcha mnofu, dzino osalichiza.

Mlamu wanga anang'ung'udza, koma tinagulitsa nkhuku ziwiri n'kukwera ulendo wa ku chipatala chachikulu cha Mangochi. Dzino lotupitsa tsaya linali laubwana, ndipo analichotsa kutupa kutaphwa. Koma kuseri kwake anapeza lachikulu litayamba kubooka, n'kulimata. Pobwerera anatilangiza kuchepetsa maswiti ndi zakumwa zotsekemera, ndi kutsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala a fluoride ochuluka ngati kambewu ka nsawawa. Mtsikanayo amatsuka madzulo aliwonse tsopano, koma agogo ake sanasiye kumubisira tofi m'kansalu.