Nanga mwana awerengere pati?

Tchuthi chapitachi ndinakakhala masabata atatu kwa azakhali anga kufupi ndi Njuli, kwathu ku Chiradzulu. Nyumba yawo ndi ya njerwa zowotcha, yamalata, ya zipinda zogona ziwiri. Mukafika pabalaza pawo mumavula nsapato musanauzidwe. Pali sofa ya anthu atatu ndi mipando iwiri yofanana nayo, yonse yoyalidwa nsalu zoluka zoyera mbee. Pakona pali kabati yamagalasi yodzaza mbale zadothi ndi matambula omwe sindinaonepo munthu akumwera. Kukhoma kuli kalendala ya mpingo, chithunzi cha ukwati ndi wotchi yomwe inaima kalekale. Mipando yonseyo yapenya mbali imodzi, komwe kuli TV yoyendera sola.

Msuweni wanga, mwana wawo wamkazi, ali Sitandade 8. Madzulo aliwonse ndinkamupeza kuchipinda atagona chafufumimba pamkeka, kope pansi, tochi ataipana pakati pa phewa ndi tsaya. Nditamufunsa chifukwa chimene sawerengera pabalaza, anandiyang'ana modabwa. "Amayi amati ndidetsa mipando," anatero. Katebulo kapakati kalipo ndithu, koma n'kofika m'mawondo, ndipo pamwamba pake pamakhala nsalu ndi maluwa apulasitiki.

Ine ndikuti pabalaza pazikonzedwa poganizira anthu ogona m'nyumbamo, ndipo chinthu choyamba kuchipezera malo chikhale tebulo loti mwana akhalepo n'kulemba. Sofa ndi kabati zibwere pambuyo, ngati malo ndi ndalama zatsala.

Ndikudziwa kuti mawu amenewa sakoma m'makutu mwa amayi athu, ndipo sindikuwanena monyoza. Nsalu zolukazo azakhali anaziluka okha, usiku, atachoka kumunda. Sofayo anaigula ndi ngongole ya banki mkhonde, n'kubweza movutikira. Mzimayi amene anakulira m'nyumba yozira, momwe mpando umodzi wokha unali wa abambo, akakhala ndi pabalaza pooneka bwino amamva kuti wachoka penapake. Abusa kapena amayi a Dorika akabwera kudzacheza, iye sachita manyazi. Zimenezo si zachabe. Vuto n'lakuti mlendo ndi mame, amabwera kamodzi pamwezi n'kukhala ola limodzi, pomwe mwana amagona m'nyumbamo chaka chonse. Chipinda chachikulu koposa, chowala koposa, tachipereka kwa munthu wa ola limodzi.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tikudziwa komwe mwanayu amachokera m'mawa uliwonse. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi athu ndi odzaza. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'masukulu ambiri a kumudzi chiwerengerocho chimapitirira, ndipo madesiki sakwanira. Ana a makalasi ang'onoang'ono amakhala pansi, kope pabondo. Ndiye mwana amene kusukulu walembera pabondo, akafika kwawo akulemberanso pamkeka. Yesani nokha kugona chafufumimba n'kulemba ndime imodzi. Zigongono zimapweteka, khosi limauma, zilembo zimapendama, ndipo tulo sitichedwa chifukwa thupi lagona kale. Masamu ofuna rula ndi kampasi pamkeka satheka n'komwe. Mwana wotereyu timamutcha waulesi, kapena timati ali ndi dzanja loipa, chonsecho sanakhalepo ndi poyala kope. Koma mayeso a PSLCE, amene amagamula ngati apite ku sekondale yogonera konko kapena ku CDSS yoyendera, kapenanso atsale, safunsa kuti kwanu mumawerengera pati.

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti izi zikuchitika ku Chiradzulu. Ku Mbombwe, m'boma lomweli, John Chilembwe anatsegula Providence Industrial Mission mu 1900, ndipo ntchito yake inali ya tchalitchi ndi sukulu limodzi. Mkazi wake Ida pamodzi ndi Emma DeLany, mmishonale wakuda wochokera ku America, ankaphunzitsa amayi kusoka. Nafenso mbiri yathu ndi yomweyo: mu 1902 mpingo wathu utatenga mishoni ya Plainfield ku Thyolo, yomwe pambuyo pake inatchedwa Malamulo, banja la Thomas Branch linayamba ndi kuphunzitsa, mwana wawo Mabel ali m'kalasi ndi ana. M'masiku amenewo tebulo, mpando ndi buku zinkalowa m'mudzi pamodzi. Ife zidzukulu tasunga mipando ndi nsalu zosokedwa bwino, koma buku talithamangitsira kuchipinda.

Nkhani yosungira alendo chipinda chabwino si yathu yokha. Ellen White anaidzudzula ku America m'nthawi yake. M'buku la The Adventist Home, lomwe linasonkhanitsidwa kuchokera m'zolemba zake mu 1952, muli malangizo a kamangidwe ka nyumba ndi katundu woikamo. Iye ankadandaula ndi mabanja omwe ankatseka mazenera ndi makatani olemera poopa kuti dzuwa lisuwitsa makapeti, ndipo ankalimbikitsa katundu wosavuta, wotheka kugwiridwa ndi kutsukidwa, kuti ana asamakhale ngati alendo kwawo. Ambiri a ife tinawerengapo zimenezi pa sabata ya mabanja, n'kuganiza kuti zikunena azungu olemera. Koma katani la azakhali nalonso silitsegulidwa, poopa fumbi la kumsewu, ndipo masana pabalaza pamakhala mdima ngati dzuwa lalowa.

Wina anena kuti Baibulo limatilamula kuchereza alendo. Ndi zoona. Koma taonani mayi wa ku Sunemu pa 2 Mafumu 4, amene anakonzera Elisa kachipinda. Anaikamo kama, tebulo, mpando ndi nyali. Palibe chimene anaika choti mneneri angochiyang'ana. Chilichonse chinali chogwiritsa ntchito. Chotsanipo kamayo, zotsalazo ndi zomwe msuweni wanga akusowa. Ndiponso sindinamvepo mlendo amene ananyamuka chifukwa anapeza mwana akulemba pakona. Alendo ambiri amafunsa kuti mwanayo ali kalasi yanji, n'kumulimbikitsa.

Palinso nkhani ya komwe mipando yapenya. Lachisanu dzuwa likamalowa, azakhali amazimitsa TV, amaiphimba ndi nsalu, ndipo banja limasonkhana kulandira Sabata. Koma poti mipando sinasunthe, tonse timayimba nyimbo za mu Khristu mu Nyimbo titayang'ana TV yophimbidwa. Wowerenga ndime sitimuona nkhope, ana amakhala pansi kumbuyo kwa sofa, ndipo amene akusinza sadziwika. Sabata yoyamba ndinaseka chamumtima, yachiwiri ndinayamba kuganiza. Makolo athu akakhala pabwalo kapena pamoto ankakhala mozungulira, aliyense akuona mnzake. Kakhalidwe kopenya mbali imodzi n'ka m'basi. Kutembenuza mipando iwiri kuti iyang'anizane ndi sofa sikulira tambala, koma phunziro la Sukulu ya Sabata limasanduka kucheza, chifukwa munthu amayankha bwino amene akumuona m'maso.

Zoona, mabanja ambiri kwathu alibe sofa yoti n'kusuntha. Ena namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anawasiya opanda ngakhale khoma, monga zinachitikira ku Ntauchira, ndipo anavutika kumanganso. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno ndi nyumba pafupifupi imodzi yokha mwa khumi yomwe imawunikira magetsi. Sindikulankhula ngati kuti aliyense angapite kwa kalipentala mawa. Koma thabwa losalala loikidwa pa njerwa pafupi ndi zenera ndi tebulo ndithu, ndipo ndaonapo ana akulemberapo bwino kuposa pamkeka. Amene ali ndi sola, babu lija lisapachikidwe pakati pa denga pongofuna kuti chipinda chioneke. Litsike pamwamba pa polembera, kuwala kuzigwera pa kope, osati pamsana pa mwana. Amene akumanga, zenera lapabalaza likhale lalikulu ndithu, chifukwa kuwala kwa masana n'kwaulere. Ndipo amene ali ndi kabati, shelefu imodzi ichotsedwe mbale, muikidwe Baibulo, makope ndi mabuku obwereka kusukulu, komwe chiswe ndi mbewa sizifika msanga.

Anzanga ophunzira, nkhaniyi ikutikhudza posachedwa kuposa mmene tikuganizira. Zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi ambiri a ife tidzalandira malipiro oyamba, n'kupatsidwa kanyumba ka aphunzitsi kapena kuchita lendi. Ndamva kale anzanga kuhostelo akukambirana za mtundu wa sofa ndi kukula kwa TV yomwe adzagule. Sindikuletsa, nanenso ndimasirira. Koma nyumba ya mphunzitsi kumudzi ndi chitsanzo. Makolo akalowamo amaona zomwe munthu wophunzira amaika patsogolo. Akapeza sofa yangongole ndi mphunzitsi akuchongera makope pabondo, nawonso adzachita zomwezo. Tebulo lamatabwa ndi mipando iwiri kwa kalipentala wa pamsika sizifika mtengo wa sofa, ndipo zimapirira ana.

Sabata yomaliza ya tchuthi ndinalimba mtima. Sindinayambe ndi ulaliki, chifukwa mwana wa mchimwene wawo sangaphunzitse azakhali kukonza nyumba. Ndinangopempha kuti tebulo lakale lomwe linali pakhonde, poikapo ndowa, ndilitsuke n'kulilowetsa. "Ulilowetse kuti? Malo ali kuti?" anafunsa. Ndinati pansi pa zenera, tikasuntha mpando umodzi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Bola asadontheze inki." Tinalikwecha ndi mchenga, mwendo umodzi tinauchirikiza ndi kachibenthu ka thabwa, ndipo babu tinalisunthira pamenepo. Madzulo amenewo msuweni wanga anakhala tsonga n'kulemba masamu mpaka batire linatha.

M'mawa mwake ndinapeza tebulo lija litayalidwa nsalu yoluka, pakati pake pali maluwa apulasitiki aja. Ndinafuna kulankhula, koma msuweni wanga anandikodola kuti ndisiye. Ndamuyimbira foni sabata yatha. Akuti madzulo aliwonse amachotsa nsaluyo n'kuipinda bwinobwino, ndipo akamaliza kulemba amaiyalanso asanakagone. Mipando ija ikupenyabe ku TV. Nkhani imeneyo ndikaiyambe pa tchuthi cha Disembala.