Maluwa a Rozi Atikwana pa Nsalu Zathu

Kwathu kwa Kabudula ukanena kuti ukuphunzira kupeta kusukulu ya ukachenjede, amakufunsa ngati lichero layamba kufuna digiri. Ukalongosola kuti ukunena kupeta kwa singano ndi ulusi, kokongoletsa nsalu, amangoti, "Oo, zidoyilo zomwe zija." Ine ndine wophunzira wa luso la nsalu ndi zovala za amayi, ndipo ndikuona kuti kupeta kungadyetse munthu, koma pokhapokha titasiya kukopera maluwa a eni.

Luso lilipo kale. Lowani m'nyumba za amayi a Chigwirizano kapena amene anaphunzirako kwa alangizi a zapakhomo, mudzapeza nsalu zapatebulo ndi mapilo opetedwa mwaukhondo. Mukatembenuza nsaluyo, kuseri kwake simuona mfundo kapena ulusi wolendewera, ndipo pamenepo ndi pomwe katswiri amadziwikira. Koma taonani zimene apetazo: duwa la rozi, dengu la mphesa, mbalame ziwiri zoyang'anizana. Zithunzi zimenezi zinabwera ndi makalasi osoka a kumishoni, ndipo takhala tikupatsirana pozidinda ndi pepala la kaboni. Mayi amene wakalamba akusoka fodya m'chigafa akupeta mphesa zomwe sanalimepo. Sindikuwanyoza ayi. Anawaphunzitsa kugwira singano, koma palibe anawauza kuti angathe kujambula okha.

Pa maphunziro anga, nthawi yambiri imathera pa pensulo singano isanakhudze nsalu. Ndipo zojambula sizisowa. Pali kalukidwe ka lichero ndi ka mkeka, timizere ta pakhosi pa mtsuko, mitsempha ya tsamba la fodya, khoko la mtedza, mphini za pamasaya pa agogo athu. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli zojambula zapamiyala zomwe bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Nanga ife tikusowa chiyani kuti tizikabwereka rozi? Komabe apa pafunika kusamala. Zizindikiro zina n'za kudambwe ndi kutsimba, ndipo si zoti munthu azivale pachifuwa popita kumsika. Wophunzira wanzeru amayamba wafunsa akuluakulu.

Kusamutsa chithunzi kuchoka palichero kupita padiresi si masewera. Chitenje chimakhala ndi maluwa ake kale, choncho ukapetapo ntchito yako imamira. Ndi bwino kupeta pansalu yopanda maluwa, n'kuiika pakhosi kapena kumapeto kwa manja. Nsalu yatsopano uyambe waichapa, apo ayi ikadzafota msoko umakwinyika. Ulusi wofiira nawo uyenera kuuyesa m'madzi a sopo, chifukwa wina umasuluka n'kuwononga bulauzi yoyera tsiku loyamba kuchapa. Zoterezi siziphunzirika pomva chabe.

Ena amati zonsezi n'kutaya nthawi m'dziko la kaunjika. Mfundo yawo ndi yomveka. Telala wa pakhonde pa Nsaru sangapikisane pamtengo ndi diresi lotuluka m'belo. Fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene inkaveka dziko lino, inafooka mpaka kugulitsidwa mu 2003, ndipo zitenje zambiri m'misika yathu n'zochokera kunja. Koma n'chifukwa chake ndikuumirira kupeta. Pachinkhoswe mumatha kupeza amayi asanu atavala chitenje chofanana mosapangana. Chomwe sichingapezeke m'belo kapena m'sitolo ndi khosi la diresi lopetedwa ndi manja, lojambulidwira munthu mmodzi. Mayi amene wagulitsa fodya kapena soya wake ndipo akukwatitsa mwana amafuna kuoneka mosiyana ndi anzake, ndipo amalolera kulipira.

Vuto lalikulu ndi mtengo. Khosi limodzi limanditengera masiku atatu, pomwe makina a m'tauni amamaliza tsiku lomwelo. Amayi akwathu sawerengera masiku amenewa. Amatchula mtengo wa ulusi wokha, kapena kungopereka ulere poti "n'zongotayitsa nthawi". Mmisiri wa matabwa sachita zimenezo ndi mpando wake. Aliyense wophunzira kupeta azilemba maola amene wagwira, ndipo asachite manyazi kuwatchula pouza kasitomala mtengo. Ngati kasitomala sangakwanitse khosi lonse, m'petereni kamzere ka m'manja mokha, koma osati ulere.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi athu ndi ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Pamayeso a zosoka, wophunzira asamangoonetsa kuti msoko wake ndi wowongoka. Abwere ndi chithunzi chomwe wajambula yekha, anene komwe wachitenga kumudzi kwawo, ndiponso awerengere pamaso pa woyesa ndalama zomwe angagulitsire chovalacho.