Ana akuloweza malamulo a Chingerezi, koma chiganizo chikuwakanika

Chaka chilichonse bungwe la MANEB likangotulutsa zotsatira za mayeso a MSCE, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp pamadzaza madandaulo ofanana. Wina wakhoza masamu, wakhoza Biology, wakhoza Agriculture, koma satifiketi palibe chifukwa Chingerezi chamugwetsa. Lamulo lake tonse timalidziwa: ukalakwa Chingerezi, satifiketi ya MSCE iwalako. Ndipo wofuna malo ku yunivesite ya boma amafunika makirediti 6, Chingerezi chili momwemo.

Zikatere timathamangira kuloza chala aphunzitsi a Fomu 4, mabuku a Literature kapena mafoni. Koma mukatsata bwinobwino, vutoli limayambira kutali, pa phunziro looneka laling'ono la ku pulayimale: kamangidwe ka chiganizo. M'makalasi ambiri ana akuphunzitsidwa mayina a mitundu ya ziganizo, akuloweza, akuyimba pamtima, koma mwayi womanga ziganizo zawozawo ndi wochepa kwambiri.

Mitundu itatu ija, tikumbutsane

Amene munadutsa Sitandade 8 mukukumbukira mawu atatu aja: simple, compound ndi complex. Taonani zitsanzo izi.

"My sister missed the minibus." Ichi ndi simple sentence. Ganizo ndi limodzi, mneni mmodzi, nkhani yatha.

"My sister missed the minibus, so she took a kabaza." Ichi ndi compound sentence. Ndi ziganizo ziwiri zoti chilichonse chikhoza kuima pachokha, zalumikizidwa ndi mawu ngati and, but, or kapena so.

"My sister missed the minibus because she woke up late." Ichi ndi complex sentence. Mbali yoyamba ikuima payokha, koma yachiwiri, yoyamba ndi because, ikutsamira pa inzake. Mukaichotsa n'kuilemba payokha, wowerenga atsala akudikira kuti mumalize.

Kusiyana kwa zitatuzi ndi nkhani ya kaganizidwe. Chiganizo choyamba chikungonena zomwe zachitika. Chachiwiri chikuika zinthu ziwiri pamodzi. Chachitatu chikufotokoza kuti chinthu china chachititsa chinzake. Tsono taganizirani mafunso a mayeso aja oyamba ndi "Explain why" kapena "Give a reason". Mwana amene sangathe kugwiritsa ntchito because, although, if, unless ndi which sangayankhe mafunso amenewa, ngakhale yankho akulidziwa bwino mumtima mwake. Apa ndiye kuti chiganizo chamulakwitsa Geography, History ndi Biology yomwe.

Khoma la Sitandade 5

M'sukulu zambiri za boma, ana a Sitandade 1 mpaka 4 amamva maphunziro ambiri m'Chichewa kapena m'chiyankhulo cha kwawoko, Chingerezi chikumabwera ngati phunziro limodzi. Akafika Sitandade 5, mabuku a maphunziro ena onse amakhala a Chingerezi. Lamulo la zamaphunziro la 2013 lidati Chingerezi ndicho chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna wa zamaphunziro udalengeza kuti zimenezi ziyambire Sitandade 1. Koma mukalowa m'kalasi ya kumudzi mupeza mphunzitsi akutanthauzira m'chiyankhulo chomwe ana akumva, poti akapanda kutero angoyankhula yekha.

Ndondomeko ya National Reading Programme yomwe idayamba mu 2016 idaika mtima pa kuwerenga m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4: malembo, maliwu, maphatikizo ndi mawu. Matabuleti a pulogalamu ya BEFIT omwe akufika m'sukulu zapulayimale nawonso akuthandiza ana pa chiyambi cha kuwerenga ndi kuwerengera. Zonsezi ndi zofunika, palibe angatsutse. Koma kudziwa mawu ndi sitepe yoyamba chabe.

Tiyerekeze kuti mwana wa Sitandade 5 wakumana ndi chiganizo ichi pa phunziro la zaumoyo: "If water is not boiled or treated with chlorine, it may carry germs that cause cholera." Mawu oti water akuwadziwa, boiled akuwadziwa, cholera ndiye osanena. Koma tanthauzo lonse lagona pa timawu ting'onoting'ono: if, not, or ndi that. Akaphonya timeneti, akhoza kumva kuti madzi owiritsa ndi amene amayambitsa kolera. Wawerenga liwu lililonse molondola, koma uthenga waumva chadodolido.

Bwanji tikungoloweza?

Kaphunzitsidwe kofala mukukadziwa. Mphunzitsi alemba tanthauzo pa bolodi, ana akopera, kenako onse pamodzi abwereza mokweza. Akatero apatsidwa ziganizo zisanu kuti atchule mtundu wake kapena adule mzere kunsi kwa subordinate clause. Mwana akhoza kupeza zonse zisanu, koma mukamuuza kuti alembe ziganizo zitatu za zomwe zinachitika kumsika dzulo, cholembera chimauma.

Aphunzitsi sitingawanene kwambiri. Chiyambire 1994, pomwe boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, makalasi athu sanapepukepo. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma makalasi a ana oposa 100 si achilendo. Tiwerengere limodzi: ana 100, aliyense walemba chimangirizo, mphunzitsi akutenga mphindi 3 pa kope limodzi. Amenewo ndi maola 5 a kuchonga phunziro limodzi lokha, mwinanso usiku ndi tochi ya pafoni. Ndiye n'zosadabwitsa kuti amasankha mafunso odula mzere, omwe ana angathe kusinthana makope n'kuchongerana okha.

Mayeso nawo amakoka ngolo. Mafunso osankha A, B, C kapena D amayesa ngati mwana angazindikire chiganizo cholondola chomwe wina walemba kale. Kulemba chake ndi luso lina. Tsiku lomwe afunsidwe chimangirizo, kalata kapena chifupikitso ndi pomwe zimaululika kuti luso lachiwirili sanaliphunzire.

Mwana ali nacho kale chida

Chomwe timaiwala ndi ichi: mwana wa zaka 6 amamanga kale ziganizo za nthambi asanaponde n'komwe pasukulu. "Sindipita chifukwa nsapato zanga zanyowa." "Mukandigulira mandasi, ndisesa pabwalo." "Galu amene anandiluma uja wafa." Zonsezi ndi complex sentences. Mwana wa ku Rumphi ali ndi kweni wake, wa ku Mangochi ali ndi nambo ndi ligongo. Kaganizidwe kolumikiza mfundo ali nako, chomwe akusowa ndi zida zake za m'Chingerezi.

Chodabwitsa n'chakuti phunziro lomweli limaphunzitsidwanso m'Chichewa, pasukulu yomweyo, mwinanso ndi mphunzitsi yemweyo. Kumeneko timamva za chiganizo chopanda nthambi, chiganizo cha ziganizo zingapo ndi chiganizo cha nthambi. Timamva za nthambi yoima payokha ndi yosaima payokha, za mneni, mwininkhani ndi mlumikizi. Belu likalira n'kuyamba Chingerezi, zonse zija zimatsekeredwa m'kope lina ngati sizikugwirizana. Ana ambiri amamaliza pulayimale osadziwa kuti conjunction ndi mlumikizi yemwe uja.

Kuika ziyankhulo ziwirizi pambalipambali kungathandizenso kuchiza zolakwika zomwe timaziona tsiku ndi tsiku, chifukwa zambiri mwa izo zimachokera ku Chichewa cholondola.

Poyankhula timati, "Ngakhale kunagwa mvula, koma tinapita." Mwana akasamutsa zimenezi amalemba, "Although it rained, but we went." M'Chingerezi although ndi but sayendera limodzi, umasankhapo mmodzi.

Timati, "Ukadzabwera, tidzadya." Ka -dza- kakusonyeza mtsogolo mbali zonse ziwiri, ndiye mwana amalemba, "When you will come, we will eat." Chingerezi chimafuna "When you come, we will eat."

Timati, "Mayi anga akuphika." Mu "akuphika" muli kale a- woimira mayi, ndiye mwana amamumasulira n'kulemba, "My mother she is cooking."

Timati "munthu amene" komanso "galu amene", chifukwa mayina onsewa ali m'gulu limodzi. Chingerezi chimagawa mwina: who ndi wa anthu, which ndi wa zinthu ndi nyama.

Palinso mawu ngati "atafika" ndi "akafika". M'Chichewa nthambi yonse yalowa m'liwu limodzi, pomwe Chingerezi chimafuna mawu angapo: "after he arrived", "when he arrives". Mwana akaonetsedwa kuti -ta- ndi -ka- ndiwo akugwira ntchito ya after, when ndi if, zinthu zimayamba kumveka.

Mphunzitsi wodziwa komwe cholakwika chikuchokera amachikonza pa mphindi zochepa. Wongothetha ndi cholembera chofiira adzathethanso mawa. N'chifukwa chake chizolowezi cha sukulu zina cholanga ana akayankhula chiyankhulo chawo chimabweza zinthu m'mbuyo: chimamulanda mwana makwerero omwe akanakwerera.

Nanga foni?

Pali amene amati WhatsApp ndi TikTok ndizo zaononga Chingerezi. Zoona, pa foni timalemba zidutswa: "on my way", "network issues", "ndafika, call me". Mpumiro palibe, mlumikizi palibe, ndipo tikumvana bwinobwino. Palibe cholakwika pamenepo. Vuto limabwera ngati zidutswazo ndizo zokha zomwe mwana akuwerenga ndi kulemba tsiku lonse.

Ena akuti kuli ChatGPT, idzatilembera. Kalata yofunsira ntchito ikhoza kukulemberanidi. Koma m'chipinda cha mayeso a MANEB foni silowa, ndipo pa intavyu mudzayankha nokha. Komanso pali zowerenga zomwe zimakhudza thumba lanu. Taonani chiganizo chonga ichi, cha mtundu womwe umapezeka pa mapepala a ngongole: "No penalty will be charged unless the borrower fails to repay within 30 days." Amene sadziwa ntchito ya unless angowerenga "no penalty" n'kusayina akumwetulira. Makontirakiti a ntchito, mapangano a lendi, malamulo a dziko, zambiri mwa izo zili m'Chingerezi ndipo zadzaza ndi unless, provided that ndi except where. Ngakhale malamulo oyendetsera dziko lino amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi.

Chenjezo limodzi: kutalika kwa chiganizo si nzeru. Tonse tinamvapo anthu oyankhula Chizungu cha mabomba, chiganizo chimodzi mizere isanu ndi umodzi, pomaliza osadziwa chomwe anena. Ana nawonso ali ndi matenda awo, a "and then... and then... and then" mpaka tsamba kudzaza. Wolemba bwino amasakaniza. Chachifupi pomwe akufuna kumenya mfundo, cha nthambi pomwe akufotokoza chifukwa, nthawi kapena zoyenera kuchitika kaye.

Zoti zichitike

Boma la a Peter Mutharika lidalengeza za maphunziro aulere ku sekondale kuyambira Januwale 2026. Ana ambiri omwe akanasiyira panjira chifukwa cha fizi akhala m'kalasi. Koma ku Fomu 1 phunziro lililonse, kupatula Chichewa ndi ziyankhulo zina, ndi la m'Chingerezi. Mwana wolowa kumeneko asakutha kulumikiza mfundo ziwiri akhala zaka 4 akukopera manotsi omwe sakuwamva. Fizi tamuchotsera, koma khoma la chiganizo likadalipo.

A Malawi Institute of Education ku Domasi, omwe amakonza silabasi ndi mabuku, akhoza kulumikiza phunziro la ziganizo la Chichewa ndi la Chingerezi kuti ziziphunzitsidwa moyandikana, zitsanzo zake zofanana. Makoleji a zauphunzitsi akhoza kuphunzitsa aphunzitsi atsopano zolakwika zochokera ku ziyankhulo zathu ndi kakonzedwe kake. A MANEB nawo akamapereka malikisi ochuluka pa zomwe mwana walemba yekha kuyambira pa mayeso a Sitandade 8, aphunzitsi atsatira, poti chomwe chimafunsidwa pa mayeso ndicho chimaphunzitsidwa.

M'kalasi ya ana 100 muli njira yosafuna kuchonga usiku. Mphunzitsi alembe pa bolodi ziganizo ziwiri zazifupi: "The river flooded." "The bridge collapsed." Gulu lina lizilumikize ndi and, lina ndi because, lina ndi when, lina ndi after. Kenako akambirane kuti tanthauzo lasintha bwanji. Gulu lomwe lalemba kuti "The river flooded because the bridge collapsed" lifotokoze ngati ndi zomwe limafuna kunena. Choko ndi bolodi basi, mphindi 10 zakwana.

Inuyo amene mukuwerenga pafonipa, mwina muli ndi mng'ono wanu, mlongo wanu kapena mwana wanu wa Sitandade 4 kapena 5. Madzulo ano mufunseni chomwe chachitika kusukulu, ayankhe m'Chichewa. Akati, "Aphunzitsi sanabwere chifukwa akudwala," muuzeni anene mbali yoyamba m'Chingerezi, kenako yachiwiri, kenako apeze yekha liwu lolumikizira. Mawa muyese ndi "koma", mkuja ndi "ngati", tsiku linalo ndi "amene". Mayina aja a simple, compound ndi complex mudzamuuze pambuyo pake, akatha kumanga zitatu zonsezo ndi pakamwa pake.