Cystic fibrosis: mankhwala opumira akadali ndi ntchito ngakhale kwabwera mapiritsi atsopano

Kuyambira pamene bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza mapiritsi a Trikafta mu October 2019, madokotala a matenda a cystic fibrosis m'maiko olemera akhala akufunsa funso limene kale silinkamveka: kodi odwala angasiye ena mwa mankhwala amene amapumira tsiku ndi tsiku? Pa mankhwala opha mabakiteriya, yankho lake silophweka.

Cystic fibrosis ndi matenda obadwa nawo. Mwana amawatenga pamene makolo onse awiri amupatsira chibadwa cholakwika cha CFTR, chimene asayansi anachitulukira mu 1989. Makhololo a wodwala amakhala olimba ndi omata, ndipo m'makhololomo mumaswana mabakiteriya. Oopsa kwambiri ndi Pseudomonas aeruginosa, amene akakhazikika amadzikuta ndi ulimbo wawo moti mankhwala amavutika kuwafikira. Mapapo amawonongeka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri.

Apa ndi pamene mankhwala opumira anasintha zinthu. Tobramycin ankaperekedwa kale kudzera m'mitsempha, koma akachuluka m'magazi amawononga impso ndi makutu. Akasandutsidwa nkhungu ndi kamakina kotchedwa nebuliser, amapita molunjika m'mapapo ali ndi mphamvu zambiri, ndipo ochepa okha ndiwo amalowa m'magazi. FDA inavomereza mtundu umenewu, wotchedwa TOBI, mu 1997. Wodwala amapumira mamiligalamu 300 kawiri pa tsiku kwa masiku 28, n'kupumula masiku ena 28, pofuna kuchepetsa mpata woti mabakiteriya azolowere mankhwalawo. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 1999 anaonetsa kuti mphamvu ya mapapo inakwera ndi pafupifupi 10 peresenti mwa omwe anapatsidwa mankhwalawa, pamene mwa anzawo inatsika. Mu 2010 kunabwera aztreonam, wopumira katatu pa tsiku, ndipo ku Britain madokotala akhala akudalira kwambiri colistin.

Mankhwalawa akaperekedwa msanga, Pseudomonas akangoonekera koyamba, nthawi zambiri amamuchotsa. Matenda akakhazikika, ntchito yawo imangokhala kuchepetsa mabakiteriya ndi kuchedwetsa kuwonongeka kwa mapapo. Ndi ntchito yotopetsanso: mphindi pafupifupi 15 pa makina m'mawa ndi madzulo, kutsuka zipangizo, kutsokomola, mawu kusasa, kuwonjezera pa mankhwala ena ndi masewero otulutsira makhololo. N'zosadabwitsa kuti achinyamata ambiri amadumphitsa masiku.

Trikafta, yemwe ku Britain amatchedwa Kaftrio, amakonza puloteni ya CFTR yeniyeniyo. Makhololo amasungunuka, odwala amanenepa ndipo sagonekedwa m'chipatala kawirikawiri. Kafukufuku wa SIMPLIFY, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anapeza kuti odwala amene mapapo awo akadali bwino angathe kusiya kwa milungu 6 mankhwala ena osungunula makhololo popanda vuto. Koma kafukufukuyu sanayese mankhwala opha mabakiteriya. Kuyeza makhololo a omwe akumwa mapiritsi atsopanowa kwaonetsa kuti Pseudomonas amachepa kwambiri, koma mwa ambiri amene anali naye kale satheratu. Njira za mpweya zimene zinawonongeka sizibwerera mwakale, ndipo m'menemo ndi momwe amabisala.

Palinso odwala amene funso losiya mankhwala silikuwakhudza n'komwe. Trikafta anapangidwira makamaka cholakwika chotchedwa F508del, chofala mwa anthu ochokera ku Ulaya. Mwa anthu akuda a kum'mwera kwa Africa chimene chimapezeka kawirikawiri ndi 3120+1G>A, chimene mapiritsiwa sachithandiza pachokha, chifukwa thupi silipanga puloteni yoti ikonzedwe. Kwa mabanja otere, kaya ali ku Johannesburg kapena ku Leeds, nebuliser ikadali chida chachikulu.

Mtengo nawo ndi chipsinjo. Ku America mtengo wolembedwa wa Trikafta umaposa madola 300,000 pa chaka. Ku South Africa odwala ena ankapita ku Argentina kukagula mtundu wotsika mtengo, ndipo mu 2023 a Cheri Nel anakasuma kukhoti pofuna kuti makampani ena aloledwe kugulitsa mankhwalawa m'dzikomo. Mu 2025 bungwe la WHO linaika mapiritsiwa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira, koma kulembedwa pa mndandanda sikutsitsa mtengo pakokha.

Ngakhale mankhwala opumirawo safika kwa aliyense. Amafuna furiji, magetsi osathimathima ndi labotale yodziwa kuyeza makhololo. Choyambirira pa zonse ndi kuzindikira matendawo. Ku Britain mwana aliyense wakhanda wakhala akuyezedwa kuyambira 2007. M'maiko ambiri a mu Africa kuyeza mchere wa m'thukuta, komwe kumatsimikiza matendawa, kumapezeka m'zipatala zowerengeka, choncho mwana wotsokomola mosalekeza ndi wosakula bwino amaganiziridwa chifuwa chachikulu kapena kunyentchera, ndipo amapatsidwa mankhwala a matenda amene alibe.