ZA KU MUNDA NDI KU MUDZI: Chulu ndi Nkhokwe

Alimi anzanga, sabata ino tikambe za chulu. Tonse timachidziwa chifukwa cha ngumbi ndi dothi loumbira njerwa, koma ndi owerengeka amene anayang'anitsitsa m'kati mwake pochigumula. Chulu si mulu wa dothi chabe iyayi. Ndi nyumba yomangidwa mwa dongosolo ndithu.

Pansi pakatikati pali kachipinda kolimba zedi. M'menemo mukhala manthu wa chiswe, amene ntchito yake ndiyo kuikira mazira zikwizikwi tsiku ndi tsiku. Pozungulira pake pali timinda. Inde, chiswe nachonso ndi mlimi! Chimatuta udzu ndi mapesi, nichiumba nazo tinthu tofewa tonga zisa za njuchi, ndipo pamenepo pamamera tibowa toyera timene chimadya. Utale umene amayi amazula pa chulu mvula ikagwa uchokera m'timinda tomweto.

Tsono khamu lotere, lotsekeredwa pansi, likadafa posowa mpweya. Nzeru yagona apa. Mbali ija yotumphuka pamwamba ndi njira zokhazokha, zazikulu pakati, zing'onozing'ono cha kukhoma, ndipo khomalo lili ndi timaenje tosaoneka bwino ndi maso. Mpweya woipa utuluka, wabwino nulowa, pamene mvula ingotsetsereka kunja. Ku Harare kuli nyumba yaikulu ya masitolo ndi maofesi yotchedwa Eastgate, yotsegulidwa mu 1996, imene mmisiri wake Mick Pearce anaikonza potengera chulu, kuti izizizira ndi mpweya woyenda wokha.

Makolo athu sanapite ku sukulu ya zomangamanga, koma taonani nkhokwe. Anaikweza pa miyala kuti chinyontho cha pansi chisafike ku chimanga. Analuka khoma ndi nsungwi kuti mphepo izipita. Denga analitsitsa ngati chipewa. Palibe chimene anachiika mwangozi.

Masiku ano ambiri asunga chimanga m'matumba m'nyumba poopa akuba. Sitiwadzudzula, pakuti akuba alipodi. Chodandaulitsa n'chakuti nzeru ya nkhokwe yatsala panja. Thumba logonekedwa pa simenti, kapena lotsamira khoma, limakoka chinyontho, ndipo chimanga chimachita chuku. Chuku china chili ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, woononga chiwindi, ndipo satha ngakhale nsima ipse motani. Mtedza ndiye ugwidwa msanga koposa.

Chotero yalani mitengo pansi musanasanje matumba, ndipo pakati pa matumba ndi khoma musiye mpata woti mwana apitepo. Kazenera ka chipindacho musakamate. Matumba aja a PICS otseka mpweya ali ndi lamulo lawolawo: amapha anankafumbwe powabanika, koma afuna chimanga chouma gwa. Yambani mwaluma njere. Ikapanda kulira kuti khe pa dzino, chibwezeni pa mphasa padzuwa.